Intavyu ya ntchito yogulitsa malonda ku Mzimba: pamene ambiri amagwera

Mwezi wa Okutobala ukamayandikira, mashopu a zipangizo zaulimi pa boma la Mzimba, pa Jenda, pa Embangweni ndi pa Edingeni amayamba kusaka anthu. Mbewu ndi feteleza zafika, mvula ili pafupi, mwini shopu payekha sangakwanitse. Makampani a sola zolipira pang'onopang'ono, ogulitsa ma SIM a Airtel ndi TNM, komanso mahoselo a sopo, shuga ndi zakumwa, iwo amalemba anthu chaka chonse chifukwa ambiri amene amawalemba sakhalitsa. Ntchito zimenezi sizilira digiri. MSCE imakwana, pena ngakhale JCE. N'chifukwa chake malo amodzi akangolengezedwa, pakhonde pamadzaza achinyamata onyamula maenvulopu a khaki.

Ndakhala nawo kumbali ya ofunsa mafunso kwa nthawi yaitali, ndipo chimene chimandipweteka n'chakuti ana abwinobwino, akhama, aulemu, amagwera malo amodzimodzi chaka ndi chaka. Amagwa bwana akatenga paketi ya mbewu kapena nyale ya sola, n'kuiika patebulo, n'kunena kuti, "Ine ndine kasitomala. Ndigulitseni." Zina zonse ndingozidutsa mwachangu kuti tikhazikike pamenepo.

1. Zodziwikiratu

Sambani, valani zochapa, fikani nthawi isanakwane. Tengani chiphaso cha unzika, setifiketi yeniyeni ndi fotokope yake, CV ya tsamba limodzi, cholembera, ndi manambala a anthu awiri okuikirani umboni amene mwawauziratu: ahedi a sukulu yanu, mkulu wa mpingo, kapena munthu amene munamugwirirapo ntchito. Amalume anu ayi.

Zosindikiza ndi mafotokope zingakudyereni mwina K3,000. Ulendo wochokera ku Jenda kapena ku Luwerezi kupita pa boma ndi kubwerera, ikani padera cha m'ma K20,000 kapena kuposa, malinga ndi mtengo wa mafuta sabata imeneyo. Wochokera ku Khosolo kapena ku Mqocha nthawi ya mvula akagone pa boma dzulo lake, kwa wachibale kapena m'chipinda cha resitihausi. Za kubwereka suti zisiyeni. Palibe amene akufuna kukulembani ntchito ya ku banki.

2. Dziwani katunduyo musanalowe m'chipinda

Kwatsala tsiku limodzi kapena awiri, pitani pa shopu yogulitsa katundu wofananayo. Imani pambali, onani zimene anthu akugula, mverani zimene akufunsa, lembani mitengo.

Ngati ndi shopu ya zaulimi, muyenera kudziwa kuti NPK ndi feteleza wokulitsa, Urea wobereketsa. Mudziwe kuti pa mbewu za chimanga za Seed Co, Kanyani amacha msanga, Mkango ndi wapakatikati, Njovu amafuna mvula yaitali. Mudziwe kuti ekala imodzi imalowa mbewu pafupifupi makilogalamu 10 mukamabzala imodziimodzi pa masentimita 25, mizere itatalikirana masentimita 75. Mudziwenso mankhwala a ntchemberezandonda, mbozi zimene zakhala zikusautsa alimi kuyambira cha m'ma 2017, ndi osungira chimanga kuti anankafumbwe asachiononge. Ngati ndi sola, dziwani ndalama yoyambira, yolipira pa sabata kapena pa mwezi, kuchuluka kwa mababu, ngati imatchaja foni, ndi chimene chimachitika munthu akalephera kulipira.

Ena amangoloweza mbiri ya kampani pa intaneti, n'kumaganiza kuti akonzeka. Mlimi wa ku Manyamula sadzakufunsani chaka chimene kampani inakhazikitsidwa. Adzakufunsani ngati mbewuyo ingapirire mvula itadula mu Febuluwale.

3. Mafunso oyamba

"Tiuzeni za inu." Apa musayambire kumene munabadwira ndi mfumu ya kwanu. Tchulani dzina, kumene mukukhala, sukulu imene munalekezera, kenako thamangirani ku chinthu chilichonse chimene munagulitsapo. Tomato pa Jenda, kachewere, kaunjika, zitumbuwa pa geti ya sukulu, kukhala pa kabenchi ka Airtel Money kapena Mpamba ka mlamu wanu. Ambiri amabisa zimenezi chifukwa cha manyazi, n'kumalakatula mawu a Chizungu amene analoweza m'magulu a WhatsApp, oti ndine wolimbikira, ndimagwira bwino ntchito ndi anzanga. Aliyense amene walowa inu musanalowe wanena zomwezo. Koma mtsikana akati, "Ndinkapikula dengu la tomato m'mawa, pofika madzulo a tsiku lachiwiri latha, wofewa ndinkamutsitsa mtengo asanaole," ofunsa amadzuka, chifukwa amva munthu wodziwa phindu ndi kuluza.

Tchulani zilankhulo zimene mumatha. Kasitomala wa kuno amagula m'Chitumbuka, bwana wochokera ku Lilongwe amafuna lipoti m'Chichewa kapena m'Chizungu. Chizungu chikakuthawani pakati pa yankho, pemphani mwaulemu kuti mumalize m'Chichewa. Kukhala chete ndiye koipa.

Akakufunsani chifukwa chimene mukufunira ntchitoyi, musati, "Ndikungokhala kunyumba." Dziwaninso kuti olemba ntchito ku Mzimba ali ndi mantha amodzi: kuphunzitsa munthu miyezi itatu, iye n'kupeza ya basi, ulendo wa ku Joni. Ngati mukudziwa kuti mukhalapo chaka chathunthu, nenani momveka. Ngati simungalonjeze, musaname.

4. "Ndigulitseni"

Apa ndiye pagona nkhani yonse.

Bwana akangoika katundu patebulo, pafupifupi aliyense amachita chinthu chimodzi: amanyamula katunduyo n'kuyamba kumutamanda. "Mbewu iyi ndi yabwino kwambiri, imabereka kwambiri, ndi yotchipa, gulani simudzanong'oneza bondo." Amalankhula osapuma mpaka mawu amuthera, kenako amaima n'kumamwetulira, kudikira kuti amuombere m'manja. Kasitomala uja sanafunsidwe kanthu ngakhale kamodzi. Ofunsa amangolemba kachizindikiro papepala, n'kuitana wotsatira.

Musayambe ndi kutamanda katundu. Yambani ndi funso. Ndibwerezanso chifukwa ndikudziwa kuti mantha akakugwirani mudzaiwala: katunduyo musiyeni ali patebulo pomwepo, yang'anani munthu, mufunseni.

Ndondomeko yake ndi iyi.

Choyamba, perekani moni monga mmene mungaperekere kwa munthu weniweni walowa m'shopu. Ngati bwana wanena kuti iye ndi mlimi wa ku Mabulabo, ndiye kuti ndi mlimi wa ku Mabulabo, osati bwana. "Monire adada, muli uli?" Musaseke, musachite manyazi, musayang'ane ena a pa tebulo kuti akuthandizeni. Amene amaseka apa amaonetsa kuti akadzaimirira pa msika adzasekanso.

Chachiwiri, funsani mafunso atatu kapena anayi, ndipo mverani mayankho. Pa mbewu: munda ndi waukulu bwanji? Chaka chatha munabzala mbewu yanji, ndipo inakuchitirani bwanji? Mukubzala ndi mvula yoyamba kapena mwachedwa? Chimangacho n'chakudya pakhomo kapena chogulitsa? Feteleza muli naye? Pa sola: panopa mukuunikira chiyani? Mabatire a tochi mumagula kangati pa mwezi? Foni mumakatchajitsa kuti, pa ndalama zingati? Pali ana a sukulu amene amawerenga usiku? Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo wogulitsa wosafunsa amagulitsa mbewu yochedwa kucha kwa munthu amene akubzala mu Januwale.

Samalani: kufunsa kokha sikukwanira. Ndaona ena amene anauzidwa kuti azifunsa mafunso, ndiye amawaponya motsatizana osadikira yankho, kenako n'kubwerera ku ndakatulo yawo ija. Ofunsa amayika dala msampha m'mayankho awo. Bwana akati, "Chaka chatha mvula inandithawa chimanga chili pa ngaiyaye," wakupatsani kiyi. Chilichonse chimene munene kuchokera pamenepo chikhudze kucha msanga. Mukapitiriza kukamba za zisononkho zikuluzikulu, mwaonetsa kuti simunamve.

Chachitatu, tsopano nyamulani katunduyo, mumupatse kasitomala m'manja, ndipo nenani zinthu ziwiri zokha zogwirizana ndi zimene wakuuzani. "Poti mwati mvula inakuthawani, iyi imacha msanga, ikhala itakhwima mvula isanathe. Pa theka la ekala lanulo, makilogalamu asanu akwana." Basi. Zabwino khumi za katunduyo zisungeni. Munthu amagula chifukwa cha vuto lake limodzi.

Mukafunsidwa chimene simukudziwa, musapeke. Nenani kuti, "Chimenecho ndifunse kaye kuti ndingakunamizeni," kapena werengani pa paketi pamaso pake. Wogulitsa wonama pa mankhwala a mbozi amapsereza munda wa munthu, ndipo mudzi wonse umasiya kugula pa shopupo. Ofunsa amadziwa zimenezi kuposa inu.

Chachinayi, tchulani mtengo momveka, kenako tsekani pakamwa. Ambiri amatchula mtengo monong'ona, maso ali pansi, n'kuwonjezera okha kuti, "Koma tikhoza kukambirana." Kasitomala sanadandaule n'komwe, inu mwatsitsa kale mtengo wa katundu wa eni. Chiyambire kugwa kwa kwacha mu Novembala 2023, palibe mtengo umene umamveka bwino m'khutu la munthu. Si inu munaukweza. Utchuleni, dikirani.

Chachisanu, kasitomala akana. Akana ndithu, chifukwa ndi chimene ofunsa akufuna kuona. Apa ndi pamene theka la otsala aja limathera. Wina amati, "Chabwino, zikomo," n'kubweza katundu patebulo. Wina amayamba kukangana naye. Onsewa agwa.

Akati, "Wakwera mtengo, pa msika ndapeza yotchipa," musanyoze wa pa msikayo. Funsani kuti ndi mbewu yanji, ili m'paketi yomata kapena yoyezera m'mbale. Kenako muwerengereni: akataya nyengo yonse ndi feteleza wake chifukwa cha mbewu yopaka utoto imene siinamere, waluza zingati poyerekeza ndi zimene amafuna kupulumutsa? Pa sola, phatikizani naye ndalama ya mabatire, makandulo ndi yotchajitsa foni pa mwezi, muiike pambali pa ndalama yolipira solayo. Manambala atuluke m'kamwa mwake, inu muzingophatikiza.

Akati, "Nilije ndalama," funsani kuti ndalama amaipeza liti. Wa fodya amadikira msika wa ku Mzuzu, wa soya ndi mtedza amakhala nayo kuyambira Meyi, wa kudimba ku Jenda amagulitsa tomato ndi anyezi ngakhale m'chilimwe. Ngati pali paketi yaing'ono, muonetseni. Ngati palibe, pemphani nambala yake ndi tsiku loti mudzamuimbire.

Akati, "Ndikafunse kaye abambo, ali ku Joni," dziwani kuti limeneli ndi yankho lenileni la makomo ambiri a ku Mzimba, osati kuthawa. Ndalama imachokera kumeneko, kawirikawiri kudzera pa Mukuru, ndipo mayi amene ali pamudzi pa apongozi ake sangangogula chinthu chachikulu payekha. Musamukakamize, ndipo musayerekeze kunena kuti, "Ingogulani, sadziwa." Nenani kuti, "Zoona amama, afunseni. Mumalankhulana liti? Ndikujambulireni chithunzi ndi mtengo wake kuti muwatumizire pa WhatsApp, ine ndikuimbirani Lachisanu." Woyankha chotere, ngakhale sanagulitse kanthu tsiku limenelo, ine ndimamulemba ntchito.

Chachisanu ndi chimodzi, pemphani kuti agule. Zikumveka zopepuka, koma ambiri amafika pamapeto osanena mawu amenewa. Amafotokoza, amayankha, kenako amangoima. Kasitomala sadzigulitsa yekha. "Ndikuikireni mapaketi angati?" "Mulipira pa foni kapena muli nayo m'manja?" "Tidzakumangireni solayo mawa kapena Loweruka?" Akavomera, bwerezani zimene wagula ndi mtengo wake, lembani lisiti, thokozani. Akakanitsitsa, thokozanibe ndipo tengani nambala.

Zonsezi zimatha m'mphindi zitatu kapena zinayi. Pa mphindi zimenezo, kasitomala alankhule kuposa inu. Mukaona kuti mawu anu okha ndi amene akumveka m'chipindamo, imani pomwepo, funsani funso. Ndipo ngati pali mlangizi amene anakuuzani kuti wogulitsa wabwino ndi wolongolola, malangizo amenewo atayeni lero. Olongolola ndi amene amadzaza mzere wa olephera.

Musayesere zimenezi m'mutu mokha. Pezani munthu wovuta, azakhali anu amene sagula chinthu osanenerera, muwapatse udindo wa kasitomala, akukaneni mpaka pakamwa panu pazolowere kufunsa m'malo motamanda.

5. Masamu, ngongole ndi shoti

Mukapulumuka pamenepo, pamabwera masamu apakamwa. Tiyerekeze kuti munthu wagula mapaketi awiri a K14,500 iliyonse ndi botolo la mankhwala la K6,800, wapereka K40,000. Chenji chake ndi K4,200. Werengani mofatsa, mokweza mawu, ndipo ngati mukufuna pepala pemphani. Kuchedwa pang'ono si mlandu. Kulota yankho ndiye mlandu, chifukwa m'shopu kulota kumabala shoti, ndipo shoti amadula pa malipiro anu.

Kenako funso ili, limene silisowa: "Abwera amalume anu, kapena a mfumu a kwanu, akufuna thumba la feteleza pa ngongole, adzalipira akagulitsa fodya. Mutani?" Yankho lolondola ndi limodzi. Katundu si wanu, simungabwereketse, muwatumiza kwa bwana. Nenani mwaulemu koma osazungulira. Amene amati, "Ndikhoza kuwapatsa ngati ndikuwakhulupirira," wadzichotsa yekha. Mashopu ena a m'matauni ang'onoang'ono amagwa ndi ngongole za achibale a wogulitsa, osati ndi akuba othyola chitseko.

6. Inunso funsani, makamaka za malipiro

Akati, "Muli ndi funso?" musati ayi. Ntchito zambiri zogulitsa zimalipira komishoni, ndipo achinyamata amavomera osamvetsa, n'kudzalira mwezi ukatha. Funsani izi: pali malipiro okhazikika kapena ndi komishoni yokha? Komishoniyo ndi zingati pa chinthu chimodzi, ndipo imaperekedwa liti? Kasitomala wa sola akasiya kulipira, andidula? Tageti ya pa mwezi ndi yotani? Ya kabaza ndi ya mayunitsi alipira ndani? Dera langa lifika pati? Kuyenda kuchokera pa boma mpaka ku Edingeni ndi ndalama ya m'thumba mwanu kukhoza kudya komishoni yonse.

Lamulo la zantchito la Employment Act la chaka cha 2000 limati wolembedwa ntchito apatsidwe zolembedwa zofotokoza ntchito yake ndi malipiro ake. Pemphani kalata imeneyo musanayambe. Boma limaikanso malipiro otsikitsitsa: mu 2024 anali K90,000 pa mwezi, mu 2025 anakwera kufika K126,000, ngakhale mabizinesi ang'onoang'ono ali ndi mlingo wawo wotsikirapo. Ofesi ya zantchito pa boma ingakuuzeni mlingo umene ukugwira ntchito panopa. Kufunsa za malipiro mwaulemu sikuchotsetsa munthu. Bwana wanzeru amaona kuti amene akusamala ndalama yake adzasamalanso ya shopu.

7. Kumene muyenera kutembenuka n'kubwerera

Wina akakuimbirani kuti tumizani K15,000 pa foni ya fomu, ya yunifolomu kapena yoti dzina lanu lilowe pa mndandanda, ameneyo ndi wakuba. Ntchito yeniyeni siyamba ndi inu kulipira. Akakuuzani kuti gulani kaye katundu ndi ndalama zanu kenako mukope anzanu kuti nawonso agule, imeneyo si ntchito. Setifiketi yanu yeniyeni musaisiye kwa munthu ngati chikole. Aonetseni, muwasiyire fotokope.

Atsikana, intavyu imachitikira ku ofesi kapena m'shopu, masana. Woitanira ku loji madzulo sakufuna wogulitsa malonda. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa khalidwe lovutitsa munthu pofuna kugona naye ngati limeneli, ndipo muli ndi ufulu wokanena ku polisi kapena ku ofesi ya zantchito.

8. Mukatuluka

Thokozani, funsani tsiku limene zotsatira zituluke, ndipo foni yanu ikhale yotchaja ndi yoyaka. Anthu ataya ntchito chifukwa nambala imene analemba pa CV inali ya mlongo wawo amene anapita nayo kumunda. Tsiku lija likadutsa osamva kanthu, imbani kamodzi, mudzitchule dzina, mufunse mwaulemu. Pa ntchito yogulitsa, kulondola kotereku kumawerengedwa ngati luso.

Akakukanani, khalani pansi mukumbukire mphindi zinayi zija. Munafunsa mafunso angati? Kasitomala atakana, munatani? Munapempha kuti agule? Yankho lili pamenepo, ndipo ndi pamene muyenera kukonza. Podikira intavyu ina, pezani kanthu kogulitsa, kaya ndi mtedza wokazinga kaya anyezi, muime nako pa msika. Kasitomala aliyense amene akukaneni akuphunzitsani zimene ofunsa adzafune kuona, ndipo mudzakhala ndi nkhani yeniyeni yokawauza akadzati, "Tiuzeni za inu."